Zimbale zakale za rock zikabweranso ndi remix: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse, makamaka kukamayandikira Khrisimasi, makampani a nyimbo amatulutsa mabokosi a zimbale zakale, ati chimbale chakuti chakwanitsa zaka 40 kapena 50, ndipo mkatimo mumakhala kuti nyimbozo azisakanizanso mwatsopano. Basitu anthu okonda saundi, aja amadzitcha ma audiophile, amayamba kukokanakokana, ena ati chatsopanochi ndiye chenicheni, ena ati aononga mbiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera nkhaniyi ikayambika.

Kodi remix ndi remaster si chinthu chimodzimodzi?

Ayi, ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepa, anthu amakhala akutsutsana koma asakunena chinthu chimodzi. Gulu likamajambula mu situdiyo zida zimapita pa mizere yosiyanasiyana ya tepi yaikulu ija amati multitrack, ng'oma pake, besi pake, gitala pake, mawu a woimba pake. Kenako injiniya amakhala pansi n'kumasakaniza, ichi chikwere, ichi chitsike, ichi chipite sipika ya kumanzere, apa tiike eko, mpaka zonse zilowe pa tepi ina ya mizere iwiri, kapena umodzi ikakhala mono, ndipo imeneyo ndiye master.

Remaster ndi kutenga master yomalizidwa kale ija n'kuipukuta, kuonjezera kabesi pang'ono, kuchepetsa kuwawa kwa mawu akuthwa, kuchotsa phokoso la tepi. Remix ndi kubwerera ku multitrack n'kuyambiranso kusakaniza. Kunena kwake, remaster ili ngati kutenthetsa ndiwo zophikaphika kale, mutha kuthiramo kamchere koma tomato amene analowamo simungamuchotse, pomwe remix ndi kupatsidwa nyama, tomato ndi anyezi zomwe zija zosaphika n'kukuuzani kuti phikaninso.

Musasokoneze ndi remix ya ma DJ ija yoika biti yatsopano kuti anthu avine, apa palibe chida chatsopano choyenera kulowamo. Komanso kujambulanso chimbale ndi nkhani ina, monga anachitira Roger Waters, amene kale anali wa gulu la Pink Floyd, mu 2023 ndi The Dark Side of the Moon Redux, chimenecho ndi chimbale china basi.

Nanga bwanji amadikira kuti chikwane zaka 50? Si ndalama chabe zimenezi?

Ndalama zilimo, tisanamizane. Munthu amene anagula mbale ya vinyl ali mnyamata, n'kudzagula kaseti, n'kudzagula CD cha m'ma 1987, n'kudzagulanso remaster, simungamugulitsenso chomwecho kachisanu popanda kumupatsa chifukwa, nde remix ndi chifukwa chabwino kwambiri. Palinso nkhani ya malamulo a umwini wa nyimbo, ku Ulaya mu 2013 anatalikitsa nthawi kuchoka pa zaka 50 kufika 70 koma zojambula zosatulutsidwa zimayenera kutuluka zaka 50 zisanathe kuti zitetezedwe, n'chifukwa chake The Beatles anaponya pa iTunes zojambula za 1963 mwakachetechete mu Disembala 2013, ndipo mabokosi ambiri amadzaza ndi ma demo ndi zoyeserera za mu situdiyo.

Koma kunena kuti ndalama basi n'kuphonyanso. Zimbale zina zinasakanizidwa mothamanga, ndi makina operewera, ndipo kulipo kukonza kwenikweni kumene kungachitike.

Za The Beatles zimatchulidwa nthawi zonse, stereo yawo yoyamba inali ndi vuto lanji?

Apa ndikhalitsapo chifukwa nkhani yonse ya ma remix a zikondwererozi inakula ndi iwowa. M'zaka za m'ma 1960 ku Britain anthu ambiri anali ndi magalamafoni a sipika imodzi, wailesi nayo inali mono, nde gululo ndi George Martin, amene ankayang'anira kujambula nyimbo zawo, amathera nthawi yawo pa mix ya mono, anyamatawo ali pompo akunena kuti apa kwezani apa tsitsani. Stereo inkabwera pambuyo, kawirikawiri eni ake kulibe, imapangidwa mwachangu ngati chinthu cha anthu ochepa a ndalama. Zotsatira zake mukavala mahedifoni n'kuika nyimbo zina za nthawi imeneyo mupeza ng'oma ndi besi zonse zaunjikana khutu limodzi, mawu a woimba khutu linalo, pakati pali mbee. Pa masipika m'chipinda sizivuta kwenikweni chifukwa mawu amasakanikirana mumpweya, koma m'mahedifoni mutu umapendekeka.

Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band ya 1967 inajambulidwa pa makina a mizere inayi yokha ku Abbey Road. Mizere ikadzaza ankasakaniza inayiyo kuipititsa pa mzere umodzi kapena iwiri ya tepi ina kuti apeze malo oikapo zina, ndipo kukopera kulikonse kumadya kuwala kwa saundi n'kuonjezera kaphokoso. Mwayi unalipo ndi woti EMI, kampani yawo ya nyimbo, sinataye matepi oyambirira aja. Nde mu 2017 Giles Martin, mwana wa George Martin, ndi injiniya Sam Okell anatenga matepi onsewo, oyamba ndi otsatira, n'kuwalumikiza pa kompyuta kuti aziyendera limodzi, mwakuti m'malo mwa mizere inayi anakhala ndi yambiri, ndipo ng'oma za Ringo Starr zinamveka kuchokera pa tepi yoyamba yeniyeni osati kope la kope.

Cholinga chawo chinali kupanga stereo yotsatira maganizo a mono. Chitsanzo chomveka msanga ndi She's Leaving Home, pa mono imathamanga pang'ono ndipo mawu a Paul McCartney amamveka okwera, pa stereo ya 1967 ndi yochedwa, nde remix ya 2017 inatsatira liwiro la mono. Munthu amene wakula ndi stereo yakale akaimva amati aithamangitsa, pomwe kwenikweni aibwezera pamene eni ake anaiika.

Pambuyo pake zinatsatizana, chimbale cha chikuto choyera cha 1968 chija amati White Album mu 2018, Abbey Road mu 2019, Let It Be mu 2021. Ineyo Pepper ndimaiona kuti inkafunikadi, koma Abbey Road ndimakaika, chifukwa imeneyo inajambulidwa pa mizere 8, inasakanizidwa mu stereo kuchokera pachiyambi eni ake alipo, ndipo inkamveka bwino kale. Remix yake si yoipa ayi, kungoti sinali kuchiza matenda alionse.

Ndamva kuti pa Revolver anagwiritsa ntchito AI, ndiye kuti anapeka mawu?

Sanapeke. Vuto la Revolver ya 1966 linali loti zida zingapo zinajambulidwa limodzi pa mzere umodzi kuchokera pachiyambi, monga pa Taxman ng'oma, besi ndi gitala zili pamodzi, palibe tepi ina yakumbuyo yoti mukazipeze zili padera. Kwa zaka zambiri nkhani inathera pamenepo. Kenako gulu la wopanga mafilimu Peter Jackson ku New Zealand, pokonza filimu ya Get Back ya 2021, linapanga pulogalamu yophunzira kuzindikira kuti uku ndi kulira kwa gitala, awa ndi mawu a John Lennon, n'kumazilekanitsa. Imeneyo ndi imene Giles Martin anagwiritsa ntchito pa remix ya 2022, komanso pa zimbale ziwiri za nyimbo zawo zosankhidwa, chofiira ndi chabuluu, mu 2023.

Chimene ma audiophile amadandaula n'choti kulekanitsa kotereku si kutsegula chitseko n'kupeza zida zili padera, ndi kompyuta kuganizira kuti kachidutswa aka ka saundi n'ka ng'oma kapena n'ka gitala, ndipo ikaphonya pamatsala tizinthu tomveka ngati madzi, makamaka pa zitsulo za ng'oma. Pa Revolver ntchito inagwirika mwaukhondo moti anthu ambiri sangamve kalikonse. Ena amadandaulanso za tizolakwika timene tinakonzedwa. Pa Eleanor Rigby ya stereo yakale, vesi yoyamba ikamayamba, mawu achiwiri oikidwa pamwamba pa a Paul McCartney amachedwa kuzimitsidwa nde zilembo zoyamba za dzinalo zimatulukira sipika inayo kenako n'kuzimiririka, kakulakwitsa ka injiniya ka sekondi imodzi. Mu remix mulibe. Anthu amene akhala akukamva zaka 50 amakasowa, khutu limadikira pamalo paja koma osabwera.

Alipo munthu wopanga ma remix amene ma audiophile amamukhulupirira?

Dzina limene limatuluka kwambiri ndi Steven Wilson, woimba wa Porcupine Tree. Anayamba ndi zimbale za King Crimson mu 2009 pamene In the Court of the Crimson King inkakwanitsa zaka 40, kenako Jethro Tull, Yes, XTC, Tears for Fears, Chicago ndi ena ambiri. Kachitidwe kake n'kosavuta kukafotokoza koma n'kotopetsa kuchita, amamvetsera mix yoyamba kachidutswa kachidutswa n'kumaitsanzira, gitala akakhala kumanzere amakhala kumanzere, eko ikalowa pa liwu lakuti imalowa pomwepo, chimene chimasintha ndi kuyera kwa saundi basi. Komanso sakonda kupanikiza nyimbo kuti zikhale zaphokoso, ndipo m'mabokosi ambiri amene wagwirapo mumapezekanso mix yoyamba itangokoperedwa osaikhudza. Chimenechi ndiye chimagula mitima ya anthu.

Aqualung ya Jethro Tull ndi chitsanzo chabwino. Inajambulidwa mu situdiyo ya Island ku London, nyumba imene kale inali tchalitchi, ndipo Ian Anderson, woimba wa gululi, wakhala akunena kuti saundi ya chipinda chimenecho sinamusangalatse. Chimbale cha 1971 chimamveka chopyapyala, besi yochepa. Remix ya 2011 inachipatsa thupi popanda kusuntha zinthu. Koma onani, ngakhale pamenepo mkangano unabuka, chifukwa mastering ya 2011, kupukuta komaliza kuja mix ikatha, anapanga ndi munthu wina ndipo ena anati yawala mopitirira, mpaka mu 2016 inatulukanso remix yomweyo ndi mastering ina. Nde mukamva wina akuti remix ya Aqualung ndi yabwino mufunseni kuti ya chaka chiti.

Giles Martin amasiyana naye, iye amalola kusuntha zinthu, kukweza besi ndi ng'oma kuti nyimbo ya 1967 isamveke yofooka ikaseweredwa pakati pa nyimbo za lero. Ena amakonda, ena amati ndi saundi ya achinyamata a mahedifoni.

Chimene chimawakwiyitsa kwambiri anthuwa n'chiyani?

Phokoso. Osati phokoso loti mwakweza voliyumu, koma kupanikiza kuja kumene kumachititsa kuti malo ofatsa ndi malo amphamvu a nyimbo akhale pafupifupi mulingo umodzi. Kuyambira m'ma 1990 makampani ankapikisana kuti CD yawo imveke mokweza kuposa ya anzawo, ndipo poti CD ili ndi denga loti simungapyole, njira yake ndi kudula nsonga za saundi n'kukweza zotsalazo. Ng'oma ikamenyedwa siidumphanso, imangoti phwa, ndipo mukamvetsera mphindi 20 makutu amatopa osadziwa chifukwa chake.

Death Magnetic ya Metallica ya 2008 ndi imene inatchukitsa nkhaniyi, anthu atapeza kuti nyimbo zomwezo mu gemu ya Guitar Hero zikumveka bwino kuposa pa CD. Kumbali ya ma remix, za Genesis zimene Nick Davis anasakanizanso mu 2007 ndi 2008 zimatchulidwa kawirikawiri, anthu amati tsatanetsatane akumveka bwino koma stereo yake yapanikizika. Raw Power ya The Stooges ndiye inanyanya, mix ya David Bowie ya 1973 inkadandaulidwa kuti ndi yopyapyala, woimba wa gululi Iggy Pop n'kudzaisakaniza yekha mu 1997 n'kukankha chilichonse mpaka kusweka.

Mudzaona anthu akuponyerana manambala, ati iyi ndi DR12 iyo ndi DR7. Nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti kusiyana kwa pofatsa ndi pamphamvu n'kwakukulu. Imathandiza koma si chiweruzo, makamaka ikachokera pa vinyl yokoperedwa pa kompyuta imakonda kukwera yokha olo master yake ili yomweyo.

Zilipo zimbale zimene zinaonongedwadi, osati kungodandaula kwa anthu ovuta?

Zilipo, ndipo ndi zimenezi zinapangitsa kuti liwu loti remix lizinunkha kwa anthu akale. ZZ Top mu 1987 potulutsa zimbale zawo za m'ma 1970 pa CD anaziika eko ya makono pa ng'oma kuti zifanane ndi saundi ya chimbale chawo cha Eliminator chimene chinkagulitsa nthawi imeneyo, blues youma ya ku Texas n'kusanduka chinthu cha m'ma 1980, ndipo kwa zaka zambiri munthu wogula Tres Hombres pa CD ankapeza imeneyo yokha, mix yoyamba inadzabwerera mu 2006.

Ya Ozzy Osbourne ndiye yowawa. Mu 2002 Blizzard of Ozz ndi Diary of a Madman zinatulukanso besi ya Bob Daisley ndi ng'oma za Lee Kerslake zitachotsedwa, m'malo mwake ataimbamo Robert Trujillo ndi Mike Bordin, nthawi imene awiri oyambawo anali pa milandu ndi Ozzy yokhudza ndalama zawo. Tangoganizani, gitala wa malemu Randy Rhoads akuimba ndi anthu amene sanakhale nawo mu situdiyo. Anthu anakwiya ndipo mu 2011 zoyambirira zinabwezeretsedwa. Frank Zappa naye anachitapo zotere m'ma 1980, kuika besi ndi ng'oma zatsopano pa We're Only in It for the Money ya 1968. Dave Mustaine mu 2004 anasakanizanso za Megadeth ndipo pa Rust in Peace mawu ena si a 1990 aja.

Chimbale choyamba cha Queen cha 1973 chinatulukanso mu 2024 ng'oma zake zitasinthidwa kamvekedwe kwambiri, Brian May ndi Roger Taylor a gululi akunena kuti saundi ya ng'oma ya poyamba sanaikondepo, ndipo okonda gululi anagawikana pakati.

Mukaziyang'ana bwino zoipitsitsazi, tchimo lake si kusakanizanso kokha ayi. N'kuti chatsopanocho chinalowa m'malo mwa chakale, chikuto chomwecho, dzina lomwelo, chakale n'kusowa m'mashopu.

Nanga zimene zinapindula?

Tim ya The Replacements ya 1985 inali ndi nyimbo zabwino zokwiririka mu eko ndi ng'oma zopanda mphamvu, Ed Stasium ataisakanizanso mu 2023 ngakhale anthu odana ndi ma remix anavomera. Vapor Trails ya Rush ya 2002 inatuluka yosweka ndi phokoso, David Bottrill anaikonza mu 2013. Pet Sounds ya The Beach Boys inali mono yokha kuyambira 1966, Brian Wilson mwini wake khutu limodzi silinkamva bwino, ndipo stereo yeniyeni anadzapanga Mark Linett n'kutuluka mu 1997, mawu ogwirizana aja n'kutambasuka bwinobwino. Koma ngakhale imeneyo ili ndi kachilema kophunzitsa, pa Wouldn't It Be Nice mbali ya pakati imene amaimba Mike Love sinapezeke pa multitrack nde mu stereo yoyambayo munalowa mawu a Brian. Zinthu zina zinkachitikira pa nthawi yosakanizayo, manja ali pa makina, ndipo sizinasungidwe kwina kulikonse koma pa master.

Animals ya Pink Floyd ya 1977 remix yake James Guthrie anaimaliza mu 2018 koma inatuluka mu Seputembala 2022, chochedwetsa china chinali kukangana kwa Roger Waters ndi David Gilmour pa mawu olembedwa m'kabuku ka mkati. Ng'oma za Nick Mason zinatuluka poyera, besi inalimba. Ine ndimaikonda, koma ndimawamvetsa amene amati mdima ndi utsi wa mix yoyamba unali mbali ya uthenga wa chimbalecho, kuti chimbale chokwiya chotere sichiyenera kuwala.

All Things Must Pass ya George Harrison ndiye ili pakatikati. Paul Hicks ndi Dhani Harrison, mwana wa George, mu 2021 anakokera mawu a George kutsogolo n'kuchepetsako chifunga cha eko cha Phil Spector, amene anayang'anira nawo kujambula chimbalecho, ena anati tsopano tikumumva munthuyo, ena anati chifungacho ndiye chinali chimbale.

Ngati woimba mwini wake wavomereza remix, ife ndife ndani kuti tikane?

Funso labwino koma lili ndi mbali ziwiri. Nyimbo ndi yake, zoona. Koma munthu wa zaka 75 si yemwe uja wa zaka 25 amene anali mu situdiyo, zokonda zasintha, makutu asintha, ndipo tonse tikamakula mawu akuthwa apamwamba timayamba kusawamva, nanji munthu amene waima pafupi ndi ma amplifaya moyo wake wonse. Komanso nthawi zambiri ovomereza amakhala amene atsala moyo, nde n'zosadabwitsa kuti wa besi akatsala besi imakwera. Omwalira saitanidwa ku msonkhano.

Chinanso, chimbale chikatuluka n'kukhala m'nyumba za anthu zaka 50 chimakhala mbiri. Mix ya 1971 ndi imene inamveka pa wailesi, ndi imene oimba ena anaimva n'kuitsanzira. Mwini wake ali ndi ufulu wonena kuti ndikanakonda zikanamveka chonchi, ndipo ine ndimafuna kumva zimenezo, bola asandilande chija chinachitikadi.

Ndikagula remix pa vinyl ndiye kuti ndapeza saundi ya analog?

Pafupifupi nthawi zonse ayi. Ma remix a masiku ano amapangidwa matepi atakoperedwa kale pa kompyuta, nde vinyl yake imadulidwa kuchokera pa fayilo. Palibe choipa pamenepo, ikhoza kumveka bwino kwambiri, kungoti musalipire ndalama zambiri poganiza kuti mukugula tepi yeniyeni. Amene akufuna analog yokhayokha amasaka zinthu ngati bokosi la mono la The Beatles la 2014, limene linadulidwa kuchokera pa matepi mwachindunji, ndipo mtengo wake kwa ogulitsa zakale unakwera zedi.

Nkhani imene inachititsa manyazi anthu ambiri ndi ya Mobile Fidelity mu 2022. Kampani imeneyi ya ku America inkadziwika ndi mbale zodula zochokera pa ma master oyambirira, kenako zinaululika kuti kwa zaka zambiri inkayamba yakopera tepi kupita pa DSD, yomwe ndi digito, isanadule mbale. Inasumiridwa ndipo inagwirizana zolipira pafupifupi madola 25 miliyoni. Chosekesa n'choti mbale zomwezo n'zimene akatswiri ena ankaziyamikira kuti apa ndiye pali kutentha kwa analog kumene digito singakufike.

Dolby Atmos imene ikulembedwa paliponseyi ndi chiyaninso?

Ndi mix ina yapadera yoti saundi izichokera mbali zonse mpaka pamwamba. Maganizo ake si atsopano, m'ma 1970 kunali quad ya masipika anayi, Alan Parsons anapangira The Dark Side of the Moon yotere, mu 2003 James Guthrie anapanga ya 5.1, ya masipika asanu ndi ina ya besi, ndipo bokosi la zaka 50 la 2023 linabwera ndi Atmos pomwe stereo anangoipanga remaster osaisakanizanso. Chinasintha zinthu ndi Apple Music kuyamba kupereka Atmos mu 2021, makampani anathamangira kusakanizanso chilichonse, zina mosamala zina mongothamanga.

M'chipinda chokhala ndi masipika ake onse, mix yabwino ya Atmos imakoma kwabasi. Pa mahedifoni a foni ndi kuyerekeza chabe, kawirikawiri mawu a woimba amapita kutali ndipo ng'oma zimafooka. Ngati chimbale chimene mumachidziwa chayamba kumveka chachilendo pa foni yanu, yang'anani kaye ngati Atmos yadziyatsa yokha.

Bwanji zimbale zina zotchuka sizinapangidwepo remix?

Pena eni ake safuna, Metallica mu 2018 anatulutsanso ...And Justice for All ngati remaster chabe olo anthu akhala akulira zaka zonsezi kuti besi ya Jason Newsted siimveka. Pena matepi kulibe. Ena anasochera posamutsa, ena anajambulidwaponso zina, ndipo moto wa mu 2008 ku Universal Studios ku Hollywood unatentha nkhokwe ya matepi, nkhani imene inadzaululika bwino mu 2019 ngakhale kampaniyo imatsutsa kukula kwa chiwonongekocho. Matepi ena a m'ma 1970 ndi 1980 amamata chifukwa guluu wake amayamwa chinyezi, amayenera kuikidwa kaye mu uvuni wa moto wochepa kwa maola ambiri asanaseweredwe.

Kwathu kuno nkhani ya matepi ndiye yovuta kwambiri, koma pali chitsanzo chimodzi chokoma cha ku Zambia. Chimbale cha Africa cha gulu la Amanaz cha 1975 chinatuluka m'ma mix awiri nthawi yomwe ija, ina youma mawu ndi ng'oma zili kutsogolo, ina yodzaza eko gitala atakwera, ndipo Now-Again ya ku America pochitulutsanso inaika onse awiri m'malo mosankhira anthu. Makampani akuluakulu akanamachita chomwecho mikangano yambiri bwenzi kulibe.

Ine ndimamvera pa foni ndi mahedifoni wamba, zikundikhudza?

Kwambiri, mwinanso kuposa uja wa masipika a mamiliyoni, chifukwa ma remix ambiri amapangidwa poganizira inuyo. Kusiyana kwa CD ndi mafayilo a hi-res, aja amati amasunga saundi mwatsatanetsatane kuposa CD, mwina simungakumve, anthu ambiri sakumva, koma kusiyana kwa mix ndi mix kumamveka olo pa mahedifoni a pamsika, mawu akachoka khutu lamanja kubwera pakati simufunika makina odula kuti muzindikire.

Mukafuna kuyerekeza, chachikulu ndi voliyumu. Chokwera pang'ono chabe, olo desibelo imodzi, khutu limachiweruza kuti ndi chabwino, chowala, champhamvu, ndipo remix nthawi zambiri imakhala yokwera. Nde yatsani kaye chija chofananitsa voliyumu mu Spotify kapena Apple Music, kapena tsitsani nokha yatsopanoyo mpaka mawu a woimba afanane kukwera kwake. Sankhani masekondi 30 a nyimbo imene mumaidziwa pamtima, bwerezani uku ndi uku, kamodzi muzitsatira besi yokha, kenako ng'oma, kenako pamene pali woimba. Mukatero mverani chimbale chonse osasintha, chifukwa mix ina imadabwitsa mu mphindi yoyamba koma pofika nyimbo yachisanu mwatopa nayo. Ndipo werengani kachaka kolembedwa pafupi ndi dzina la nyimbo, pakalembedwa 2017 Mix kapena 2009 Remaster mudziwe kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndili ndi ndalama ya chimodzi chokha, ndigule chakale kapena chatsopano?

Ngati chimbalecho simunachimvepo, yambani ndi mix yoyamba, ndipo ikakhala nyimbo ya ku Britain ya chisanafike 1968 fufuzani ngati mono yake ikupezeka. CD zakale za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa 1990 musazinyoze, zambiri sizinapanikizidwe ndipo zimagulitsidwa motchipa kwa ogulitsa zakale, kungosamala ndi zija za ZZ Top, komanso dziwani kuti Help! ndi Rubber Soul za pa CD ya 1987 ndi ma remix kale, anazisakanizanso George Martin mwini wake. Ngati chimbalecho mumachidziwa kale mpaka mpweya umene woimba amakoka, remix ndi imene ingakupatseni chatsopano, mudzamva kagitala kachiwiri kapena mawu akumbuyo amene simunawamvepo.

Bokosi lalikulu la ma CD asanu ndi buku lolemera ligulani pokhapokha ngati mukudziwa kuti ma demo ndi take 14 ya nyimbo imodzi mudzazimvera kawiri. Musanalipire tembenuzani kumbuyo muone ngati mix yoyamba ilimo, ndani anasakaniza, ndani anapanga mastering, ndipo imveni kaye pa intaneti chifukwa ma remix ambiri amapezekapo.